Bridal shower: pa holo, pakhomo, kumpingo, kapena kungoisiya?

Tsiku limene ndinasiya kukhulupirira kuti bridal shower yaikulu ndiyo yopindulitsa, tinali anthu anayi m'kachipinda ka kuseri kwa holo, titavula nsapato, tikuwerenga ndalama pa chitenje. Panja anyamata anali akusanja mipando. Mulu wake ukauona umati mkwatibwi walemera: mabeseni awiri odzaza ma K100 ndi ma K200, ena opondedwa, ena onyowa ndi fanta. Tinawerenga kawiri. Kenako msungichuma anatulutsa kope lake n'kuyamba kuchotsera: zotsala za holo, za okongoletsa, DJ, MC, wojambula, ophika, ndi chenji chimene tinabwereka m'mawa kwa alamu ake a mkwatibwi. Zimene zinatsala zinakwana mu envulopu imodzi yopyapyala. Azakhali a mkwatibwi anaiyeza m'manja, anatiyang'ana, n'kuti: "Ana inu, thukuta lonse lija timavinira izi?"

Kuchokera pamenepo, komiti iliyonse imene andiikamo ndimaumirira kuti tisanayambe kukangana za mtundu wa nsalu tiyankhe kaye funso limodzi. Mwana wathuyu tikufuna achoke pamwambowu atanyamula chiyani? Ndalama, ziwiya, kapena malangizo? Ambiri amati zonse. Koma masana amodzi, kuyambira 1 koloko mpaka 5 koloko, sangasenze zitatu zonsezi mofanana. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Njira iliyonse yochitira bridal ili ndi chimodzi chimene imachitha, zinazo imangozinyambita pamwamba.

Dzinali si lathu. Mwambowu unatchuka ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kumene anzake a mtsikana ankasonkhana m'nyumba n'kumupatsa timphatso tokayambira banja. Utafika kuno unapeza tili kale ndi chinkhoswe, chilangizo cha anamkungwi ndi perekaniperekani wa paukwati, ndipo unatapako pang'ono ponseponse. N'chifukwa chake anthu asanu akati "timupangire bridal", aliyense m'mutu mwake muli chithunzi chake, ndipo phokoso la pa gulu la WhatsApp limayambira pomwepo.

Ya pa holo, ya perekaniperekani

Iyi ndi imene anthu a m'tauni, ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, amayamba kuiganizira. Mumachita lendi holo ya sukulu, ya tchalitchi kapena malo a kapinga, mumapeza MC ndi DJ, mkwatibwi amakhala kutsogolo pampando wokongoletsedwa, amayi ake mbali iyi, apongozi ake mbali inayo. Pamakhala olankhula atatu kapena anayi: wina za kasamalidwe ka pakhomo, wina za ndalama, wina za ukhondo ndi kudzisamalira, wina za moyo wauzimu. Pakati pa olankhulawo MC amaitana magulu kuti adzafupe: akuchikazi, akuchimuna, a kuntchito, a kumpingo, amene anaphunzira naye, aneba. Chakumapeto mkwati amatulukira ndi anzake atanyamula maluwa ndi mphatso, amayi n'kuimba nthungululu.

Tisanamizane, cholinga cha bridal yotere ndi ndalama. Ndipo imayenda bwino pamene banjalo lili ndi anthu. Ngati amayi a mkwatibwi akhala akuvina pa maukwati a ana a anzawo kwa zaka makumi awiri, ali ku Mvano, ali mu banki mkhonde, pamaliro a m'dera sasowa, holo idzadzaza yokha. Kupatsa n'kuika, ndipo tsikuli ndi lokatapa zimene anaika. Koma mtsikana amene wabwera m'tauni zaka ziwiri zapitazo kudzagwira ntchito, makolo ake ali kumudzi ku Ntchisi, mukamutengera holo ya mipando 300 mudzakhala anthu 60 mukuyang'anizana ndi mipando yopanda anthu, ndipo palibe chimene chimaziziritsa mwambo ngati chimenecho. MC angakuwe bwanji, matumba ndi omwewo.

Masamu ake asinthanso. Chigwereni kwacha mu November 2023, pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, lendi ya holo, zokongoletsa, zakumwa ndi mafuta a jenereta zakhala zikungokwera, koma dzanja la wofupa silinakwere nazo limodzi. Ndalama ya K5,000 inatuluka mu 2022, koma simudzaiona ikuuluka m'mwamba kawirikawiri. Mwini wake amapita nayo pa tebulo la makashiya kukaiphwanya kuti avinire nyimbo zitatu. Ndiye beseni limaoneka lodzaza pamene m'kati mwake muli mphepo.

Lamulo langa pa njira imeneyi ndi limodzi, ndipo sindiligonjera: chilichonse cholipira chilipidwe ndi zopereka za komiti tsiku lisanafike. Ngati mukudalira perekaniperekani kuti mulipire holo, mukuchita juga ndi dzina la mwana wa eni. Mndandanda uja umene umazungulira pa gulu, uyu K50,000, uyu K20,000, muziwerengera okhawo amene ndalama zawo zafika m'manja mwa msungichuma. Lonjezo siligula mpunga. Sabata ziwiri tsiku lisanakwane, ngati zomwe zafika sizikukwanira, chepetsani mwambo, musabwereke.

Pa tebulo la makashiya pakhale anthu atatu, ochokera mbali zonse ziwiri, akuchikazi ndi akuchimuna. Chenji choyambira chilembedwe onse akuona, ndipo zikwama zawo zisakhale pansi pa tebulo. Si kuti tikukayikira munthu, koma tikumuteteza ku mawu a mawa. Otola ndalama akhale atsikana awiri odziwika, osati mwana aliyense amene wafuna. Ndipo muike lichero kapena beseni patsogolo pa mkwatibwi kuti anthu aziponya m'menemo. Banki yaikulu ya Reserve yakhala ikudandaula za ndalama zimene zimang'ambika ndi kupondedwa pa zisangalalo, ndipo amene anawerengapo mulu wonyowa ndi wamatope akudziwa kuti dandaulolo n'loona.

Pamene bridal ya pa holo imalephera ndi pa malangizo. Mayi angalankhule chiyani chenicheni pa chimkuzamawu, pamaso pa anthu 200, pali ana, pali apongozi, mafoni ali m'mwamba kujambula kuti ziende pa Facebook ndi TikTok? Kapena amangodutsa pamwamba, "uzimulemekeza mwamuna wako, uzipemphera", mawu oti mkwatibwi anawamva kale ali ku Sande sukulu. Kapena amalowa mozama mpaka mkwatibwi kuzyolika, amayi ake kuyang'ana kudenga. Ndipo akangofika pamfundo yogwira mtima, MC amakhala ataima kale pambali akuloza wotchi, chifukwa kwa iye mphindi iliyonse yolankhula ndi mphindi yosaponya ndalama.

Ya pakhomo

Tenti imodzi kapena mthunzi wa mtengo wa mango, mipando yobwereka kutchalitchi, mphasa ziwiri za amayi akuluakulu amene pampando satha kukhalitsa, anthu 30 kapena 40. Samusa, mandasi, nkhuku yokazinga, thobwa m'ndowa yovindikira. Nyimbo aziika mng'ono wake pa foni. Ndikaikidwa pakona kuti ndisankhe, ine ndimasankha iyi, makamaka kwa banja limene likuvutikira kale ndalama za ukwati.

Chifukwa chake n'chakuti pakhomo anthu amalankhulana. Pa ina imene tinachitira kwa azakhali a mnzanga, agogo a mkwatibwi anadikira onse atapereka zawo zokutidwa ndi mapepala onyezimira, iwo n'kumasula mfundo ya chitenje, kutulutsa mthiko wakale, wakuda kunsonga, wosalala pogwirira. "Uwu ndi umene ndinalerera amako," anatero. "Ukapsa mtima usayankhe. Yamba waphika nsima, ukalankhule itapsa." Tinaseka, koma mkwatibwi analira, ndipo kuchokera pamenepo amayi anayamba kumasuka mmodzimmodzi: wina za m'mene ankagawira malipiro a mwezi, wina za mlamu amene anabwera kudzacheza sabata imodzi n'kukhala zaka ziwiri. Pa holo agogo aja sakanapatsidwa n'komwe chimkuzamawu.

Zovuta zake zilipo, ndipo chachikulu ndi kusankha oitanidwa. Ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Area 25, tenti ikangoima ndiye kuti mwaitana dera lonse. Aneba simungawabweze pa geti. Ndiye phikani zoposa chiwerengero chanu, ndipo aneba a pafupi kawauzeni nokha pakamwa, asamve ndi nyimbo. Chachiwiri, mwini nyumba amatopa zedi. Dzazani migolo ya madzi dzulo lake poopa kuti mipope ingaume, konzani chimbudzi cha alendo, ndipo otsuka mbale asankhidwe mwambo usanayambe, chifukwa ukatha aliyense amakumbukira kuti minibasi zitha. Nyengo nayo muiyang'ane. Kuyambira November mpaka March mvula ingakubalalitseni, mu October dzuwa la masana m'tenti ndi chilango, ndipo mu June ndi July chiperoni cha ku Blantyre ndi Thyolo chimafuna tiyi wambiri kuposa zoziziritsa kukhosi.

Nyumba yake ikhale ya akuchikazi: kwa amayi ake, kwa azakhali, kwa achemwali ake aakulu. Kwa apongozi ayi, ngakhale atakhala ndi mpanda waukulu ndi kapinga wobiriwira. Mwana amatsanzikidwa kwawo. Ndalama pano zimapezeka zochepa, musayembekezere zambiri, koma zimene zapezekazo n'zake zonse.

Ya ziwiya, monga achitira anzathu a ku Zambia

Ku Chipata ndi ku Lusaka mwambo wofanana ndi umenewu amautcha kitchen party. Ndi wa amayi. Mkwatibwi amalowa atafunditsidwa chitenje, alangizi akumutsogolera, ng'oma zikulira, ndipo amakhala chete mutu uli pansi mpaka amuvundukule. Wopereka mphatso amabwera nayo kutsogolo, n'kufotokoza ntchito yake, kawirikawiri n'kuvinanso. Kwathu kuno dzina loyandikira ndi kitchen top-up, ngakhale kuti limamveka kwambiri kwa amayi amene ali kale pabanja ndipo akufuna kuwonjezera za kukhitchini. Ngati mwana wanu akukwatiwa ku Zambia, funsani msanga ngati akuchimuna akuyembekezeranso chilanga mulilo, mwambo wochokera kwa Abemba umene akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kukatula kwa mkwati. Umenewo ndi mwambo wina, wokhala ndi bajeti yakeyake.

Chimene ndimakondera njira ya ziwiya n'chakuti poto sadyedwa ndi komiti ya ukwati. Ndalama za bridal, zikangofika, pamapezeka dzenje loti zikwirire: keke sinamalizidwe kulipira, galimoto za operekeza zilibe mafuta, suti ya mkwati ili kwa telala. Ukwati ukatha awiriwo amalowa m'nyumba ndi zithunzi zokongola, poto mmodzi ndi mbale zobwereka. Pamene amene anamuchitira ya ziwiya amayamba banja ali ndi pophikira, podyera, potungira ndi pochapira.

Vuto lake ndi kubwereza. Ndinaonapo mkwatibwi atalandira mafulasiki 7 ndi mawotchi apakhoma atatu, koma wopanda ndowa ngakhale imodzi. Mankhwala ake ndi mndandanda. Mkwatibwi akhale pansi ndi achemwali ake alembe zimene alibe, kuyambira zazikulu mpaka supuni, ndipo munthu mmodzi yekha azisunga mndandandawo n'kumachonga chimene chatengedwa. Zazikulu monga firiji, cooker kapena matiresi zipatsidwe kwa magulu: a kuntchito chawo, a kwaya chawo, asuweni chawo. Mndandandawo ukhalenso ndi zotsika mtengo zambiri, kuti wa K3,000 apezepo pogwira.

Njirayi siyenera aliyense. Mtsikana amene wakhala payekha zaka zisanu, khitchini yake ndi yodzaza kale. Amene akukakhala ku Johannesburg kapena ku Leeds ukwati ukatha sanganyamule mabeseni. Amenewo apatseni ndalama.

Ya kumpingo, ndi chilangizo cha m'nyumba

Amayi a Mvano ku Sinodi ya Blantyre, a Chigwirizano ku Nkhoma, a Umanyano ku Livingstonia, a Dorika ku Adventist, a Mothers' Union ku Anglican, amayi achikatolika m'miphakati, onsewa amadziwa kuyendetsa mwambo wotsanzika mtsikana. Ukawapatsa, zinthu zimayenda m'dongosolo, malo amapezeka motchipa, ndipo nthawi imasungidwa. Mowa kulibe, nyimbo zina DJ sangaike, ndipo anzake a mkwatibwi a kukoleji amakhala omangika ngati ali pa mayeso. Ngati banja ndi la Adventist, tsiku ndi Lamulungu, osati Loweruka. Ngati mbali ina ndi Asilamu, nkhani ya nyama ndi amene wazinga nkhuku ikambidwe poyambirira.

Dandaulo langa ndi lakuti malangizo a kumeneku nthawi zina amathera pa mawu amodzi, kupirira. Kupirira kulipo m'banja, inde, koma pakati pa olankhula pakhale mmodzi wolimba mtima woti amuuze mwanayo kusiyana kwa kupirira umphawi ndi kupirira zibakera. Amuuze kuti ankhoswe ntchito yawo ndi imeneyo, kuti kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndiponso kuti dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006. Mawu amenewa sagwetsa ukwati.

Malangizo enieni a kuchipinda malo ake si bridal ya mtundu uliwonse. Amenewo ndi a alangizi awiri kapena atatu, chitseko chotseka, mafoni ali panja. Mtengo wake ndi thiransipoti, shuga, ndi chitenje chothokozera aliyense wa iwo. Mukakonza chimenechi padera, bridal imapepuka, chifukwa simukuikakamizanso kusenza katundu amene si wake.

Kuphatikiza, kapena kusiya

Tawerengani miyambo imene munthu mmodzi amaitanidwako pa ukwati umodzi: chinkhoswe, bridal, mwina send-off, kenako ukwati weniweniwo. Konseko perekaniperekani, konseko chovala, ndipo thumba ndi lomwelo. Anthu satopa ndi mkwatibwi, amatopa ndi kufupa. Zimene mwakolola pa bridal nthawi zambiri mwangozichotsa pa zimene zikanabwera pa ukwati.

Chinkhoswe chili kale ndi zambiri zimene bridal imafuna kuchita. Ankhoswe amasinthana tambala ndi thadzi, khasu ndi nkhwangwa zimaperekedwa, lichero, mthiko ndi chipande zimaperekedwa, anthu amafupa. Mabanja ena amachita mwanzeru: m'mawa amayi okhaokha amakhala ndi mkwatibwi m'nyumba kwa maola awiri, mphatso ndi mawu, masana chinkhoswe pa tenti yomweyo, mipando yomweyo, ophika omwewo. Achibale a kumudzi amakwera basi kamodzi. Ngati mukufunabe kuzilekanitsa, pakati pa bridal ndi ukwati padutse malipiro a mwezi umodzi, ndipo tsiku lake likhale sabata yoyamba anthu atalandira.

Kusiyiratu nakonso ndi njira. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kuboma, wa kuchipembedzo ndi wachikhalidwe, za bridal mulibemo. Ngati kuti ichitike mpaka wina akatenge katapila, isiyeni, anthu adzalankhula sabata imodzi n'kupeza nkhani ina.

Za mitundu ndi zovala

Theme, kutanthauza maonekedwe a zovala ndi zokongoletsa pamwambo, ndi pamene makomiti amathera misonkhano itatu. Pali njira zitatu zimene ndaziona. Yoyamba ndi kutchula mtundu wa zovala. Ngati ndi mtundu umene anthu ali nawo kale, wakuda, wabuluu, wofiira, palibe vuto. Koma mukatchula mtundu wa dzina lachingerezi loti munthu mpaka akafufuze pa intaneti kuti ndi wotani, mwatumiza amayi 80 kukasanthula kaunjika, ndipo ndalama imene yapita ku diresi ndi imene ikanalowa mu envulopu. Zoyera zokhazokha zimakongola pa chithunzi, koma pa fumbi la October kapena matope a January ndi kuzunza anthu.

Yachiwiri ndi nsalu imodzi ya chitenje. Imakongola, ndipo komiti ikagula yambiri pamodzi ku Limbe kapena ku Lilongwe n'kumagulitsa ndi kaphindu pang'ono, imathandiza bajeti. Koma nsalu ifike kwa anthu mwezi wathunthu tsiku lisanakwane, chifukwa matelala nyengo ya maukwati amalonjeza aliyense Lachisanu. Ine ndimati nsalu ikhale ya komiti ndi achibale a pafupi, ena onse avale zimene ali nazo.

Yachitatu ndi imene ndimaikonda: kukongoletsa ndi zinthu zimene mkwatibwi adzapite nazo. Malichero pakhoma, miphika ya dothi yoikamo maluwa, mphasa zatsopano pansi, madengu, zitenje pa matebulo. Mwambo ukatha mumangopinda n'kumupakirira. Mabaluni ndi nsalu zochita lendi zimabwerera kwa eni ake kapena kudzala, ndalama yake osaionanso.

Ulemu wa mphatso

Amene mwamuitana ku bridal mumuitanenso ku ukwati. Kuitana munthu kuti adzapereke, tsiku la mpunga n'kumusiya, ndi chipongwe chimene anthu saiwala. Ngati mukufuna ndalama osati katundu, nenani pa khadi mwaulemu ndipo mupereke chifukwa, monga kuti awiriwa akukakhala kutali kapena kuti akusonkhanitsa za firiji. Anthu amapereka mosavuta akadziwa kumene ndalama yawo ikupita. Kulemba mtengo wolowera pakhomo, ngati ndi dansi, kumeneko ine sindipitako.

Inu opereka, musanagule funsani kuti awiriwa azikaphikira chiyani. Mbaula, gasi kapena magetsi? Mapoto opyapyala onyezimira aja pa makala satha miyezi itatu. Hotplate kwa anthu a nyumba ya lendi yogawana mita ndi aneba ndi mkangano wa mayunitsi umene mwawagulira. Mbaula yabwino, ndowa zovindikira, beseni lalikulu, nsalu zoyala pabedi, zimenezi sizichititsa kaso pa tebulo la mphatso koma ndi zimene zimagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Za mwana wakhanda musagule, ngakhale mukuona ndi maso kuti zifunika posachedwa. Zovala za m'kati ndi mikanda ya m'chiuno zili ndi eni ake opereka, azakhali ndi alangizi, ndipo zimaperekedwa kuseri. Mnzake wa pamtima akafuna kupereka zoterezi amupatse pa awiri, osati kuzitambasula pamaso pa apongozi kuti anthu aseke.

Mphatso iliyonse ikhale ndi dzina, envulopu iliyonse ikhale ndi dzina, ndipo pakhomo pakhale munthu ndi kope wolemba. Kope limeneli ndi chuma. Zaka zikubwerazi mkwatibwi adzalitsegula mwana wa uje akamakwatiwa, kuti adziwe pobwezera. Kutsegula mphatso pagulu kumakoma pa kagulu kochepa ka anthu odziwana. Pa holo ayi. Mungatchule za magulu, kuti a kuntchito abweretsa cooker, koma za munthu payekha zikatsegulidwe kunyumba. Ndipo MC mumuuziretu kuti asanyoze ndalama ya munthu. Nthabwala zija zoti "ma K50 kuno ayi" zimaseketsa a kutsogolo, koma mayi amene wayenda wapansi kuchokera ku Bangwe ndi K500 yake yomanga pa chitenje sadzabweranso.

Ngati mwezi wakuvutani, pitanibe. Lichero, tsache ndi mthiko ndi mphatso yokwanira, ndipo amene wafika m'mawa kudzasenda mbatata wapereka kale. Akuchimuna abwere ndi mphatso yawo pamodzi, yooneka, koma asapikisane ndi amayi a mkwatibwi pa tsiku lawo. Apongozi anzeru amafunsiratu kuti akuchikazi akonza chiyani.

Amene simutha kufika, tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala imodzi yokha, ya msungichuma, muonjezerepo ya chotapira, ndipo mumutumizire uthenga wa dzina lanu, chifukwa nambala imene mwatumizirayo mwina inalembetsedwa m'dzina la amuna anu. A ku South Africa ndi ku UK, Mukuru ndi njira zina zotere zimafika tsiku lomwelo, pamene katundu wa pa basi yochokera ku Johannesburg angachedwe pa chipata cha Mwanza kapena Dedza n'kufika bridal itatha. Ngati mukufunadi kutumiza katundu, anyamuke sabata zitatu tsiku lisanafike. Zoonetsa akutali mwambo pa foni, a komiti sankhani mtsikana mmodzi agwire ntchito imeneyo, ndipo nthawi ya malangizo azimitse.

Mkwatibwi athokoze sabata isanathe. Uthenga umodzi wa pa gulu ndi wa anthu onse, koma amayi akuluakulu ndi amene anapereka zazikulu awaimbire foni kapena awayendere, atchule chimene anapereka.

Nkhani imene makomiti ambiri amaizemba mpaka usiku wa tsikulo ndi yakuti ndalama zikapezeka n'zayani. Za mkwatibwi? Za amayi ake, amene anzawo ndiwo afupa kwambiri? Kapena zikulowa ku bajeti ya ukwati? Mayankho onsewa ali ndi eni ake owakhulupirira, ndipo ndaonapo mayi ndi mwana wake osalankhulana mpaka tsiku la ukwati chifukwa cha envulopu. Gwirizanani pa msonkhano woyamba, mulembe, amayi ake ndi mkwatibwi onse amve. Zikawerengedwa, anthu awiri asayine m'kope, ndipo zilowe ku akaunti kapena pa foni ya mwini wake usiku womwewo, zisagone m'chikwama cha munthu.

Katundu naye akhale ndi galimoto yake yokonzeratu ndi chipinda chokiya, kiyi kwa munthu mmodzi. Sabata ya ukwati pakhomo pamadzaza alendo, ophika amasowa poto wamkulu, wina amakumbukira kuti m'chipinda muja muli atsopano. Mnzanga wina anakalowa m'nyumba yake ndi seti ya mapoto asanu itatsala atatu, ndipo awiri enawo anakawapeza chaka chotsatira kumudzi kwa amalume ake, ali bii ndi mwaye, akuphikira nyemba.